Mapulogalamu angapo pa seva imodzi: njira iti ikuyenerani kuno ku Harare?

Amene tinakhalapo pa lendi ku Mbare kapena ku Highfield tikuidziwa nkhani ya mita imodzi ya magetsi ya ZESA. Nonse mwasonkha ndalama, mwagula mayunitsi, koma wa chipinda chakumapeto akangoyamba kuphika nyemba pa chitofu, pofika pa 20 pa mwezi pabwalo ponse muli mumdima. Seva imodzi (kompyuta yotumikira anthu pa intaneti) yosunga mapulogalamu angapo imakhalanso choncho. Pulogalamu iliyonse ndi mlendi, ndipo funso lalikulu posankha njira ndi lakuti mpanda wa pakati pawo ukhale wolimba bwanji, komanso ndani adzadzuke usiku wina akasokoneza anzake.

Ine ndimayang'anira mapulogalamu anayi: webusaiti ya mpingo wathu ya WordPress, kaundula wa bungwe lathu la maliro amene analembedwa mu Java, pulogalamu yowerengera katundu ya m'shopu ya achimwene anga ya Laravel, ndi kapulogalamu ka Node.js kotumiza zikumbutso kwa mamembala. Poyamba panalibe mwa anthu amenewa amene akanalipira seva yakeyake. Njira zinayi zili m'munsimu ndinaziyesa zonse, zina mwa kufuna, zina chifukwa chokakamizika.

Zoyezera

Choyamba ndi mtengo. Nginx, Apache, Tomcat ndi Docker zonse n'zaulere, choncho ndalama imapita ku RAM (memori ya kompyuta), disiki ndi nthawi ya munthu. Kumbukiraninso kuti kampani yakunja salandira ZiG, ndalama yathu ya kuno, kapena EcoCash wamba ya pa foni. Mufunika khadi ya Visa kapena Mastercard yokhala ndi madola a ku America mwezi ndi mwezi, ndipo khadiyo ikapitiriza kukana, seva imatsekedwa.

Chachiwiri ndi kupezeka kwake. Apa sindikunena za pulogalamu yokha ayi, koma za munthu. Inu mutadwala kapena mutapita kumudzi ku Dedza milungu itatu, kodi muno mu Harare alipo wina amene angatsegule sevayo n'kumvetsa zimene munachita?

Chachitatu ndi kusamalira: kukonzanso mapulogalamu akatulutsa atsopano, masatifiketi a HTTPS, backup, ndi kuyang'ana disiki isadzaze.

Chachinayi ndi zoopsa: pulogalamu imodzi ikagwa kapena akuba akailowa, motowo ufika pati?

Zimene njira zonse zimadalira

Pa adiresi imodzi ya IP, port 80 ndi port 443, makomo olowera ku mawebusaiti, zimamveredwa ndi pulogalamu imodzi yokha. Ndiye pafunika wina woima pageti amene aziona mlendo aliyense n'kumulozera chitseko. Amadziwa bwanji? Browser ikamapempha tsamba imatchula dzina la domain m'kamzere kotchedwa Host, kamene HTTP/1.1 inakakamiza kuyambira 1997, ndipo pa HTTPS imatchula dzinalo msanga kudzera m'njira yotchedwa SNI kuti seva isankhe satifiketi yoyenera. N'chifukwa chake mawebusaiti makumi angapo amatha kukhala pa IP imodzi.

Mungathe kusiyanitsa mapulogalamu ndi mayina, monga maliro.dzinalanu.co.zw ndi shopu.dzinalanu.co.zw, kapena ndi njira, monga dzinalanu.co.zw/maliro ndi dzinalanu.co.zw/shopu. Ine ndimati sankhani mayina. Subdomain siwononga ndalama ina mukakhala ndi domain kale, ndipo mapulogalamu ambiri amaganiza kuti akukhala pa "/" penipeni. Mukawaika pa /shopu, zithunzi ndi CSS zimasowa, ma cookie amasakanikirana, ndipo kwa browser onsewo ndi malo amodzi, kotero vuto la JavaScript la pulogalamu imodzi lingakhudze inzake. Domain ya .co.zw imayendetsedwa ndi ZISPA, bungwe la makampani a intaneti ku Zimbabwe, ndipo mumailembetsa kudzera mwa makampani a kuno.

Nanga makinawo akhale kuti? Kuika kompyuta pansi pa desiki muofesi kumaoneka kotchipa mpaka mutakumbukira 2019, pamene magetsi ankazima mpaka maola 18 pa tsiku, ndi kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba. Popanda sola, invata ndi mabatire, iwalani. Palinso vuto la IP: Starlink, imene inayamba kugwira ntchito kuno mu 2024, pa mapulani ake wamba imakuikani kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti mumagawana IP imodzi ndi makasitomala ena, ndiye anthu akunja sangafike pa seva yanu mwachindunji pokhapokha mutagwiritsa ntchito chinthu ngati Cloudflare Tunnel. Ambiri a ife timangobwereka VPS, kagawo ka seva ya kampani ina kamene mumakayendetsa ngati kompyuta yanu. Ya ku Ulaya ndi yotchipa. Ya ku South Africa imayankha msanga chifukwa ili pafupi, ndipo Azure ili ku Johannesburg kuyambira 2019, AWS ku Cape Town kuyambira 2020. Ngati mukusunga mayina, manambala a ziphaso ndi mafoni a anthu, monga mmene kaundula wa maliro alili, werengani kaye lamulo la Cyber and Data Protection Act la 2021, limene POTRAZ, bungwe loyang'anira za mtengatenga ndi matelefoni, ndiyo imaliyang'anira, chifukwa limanenapo za kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko.

Njira yoyamba: onse m'nyumba imodzi

Apa mumakhala ndi seva ya mapulogalamu imodzi, ndipo onse mumawalowetsa momwemo. Pa Tomcat, seva ya mapulogalamu a Java, mumangoponya mafayilo a WAR (pulogalamu yonse m'fayilo imodzi) mu foda ya webapps: maliro.war imapezeka pa /maliro, ROOT.war imatenga "/". Mukafuna kusiyanitsa ndi mayina, mumawonjezera Host ina mu server.xml yokhala ndi appBase yakeyake. Pa PHP n'chimodzimodzi ndi Apache ya mod_php yokhala ndi ma VirtualHost angapo, kapena akaunti imodzi ya cPanel (tsamba loyendetsera hosting) imene mwaikamo ma domain angapo.

Mtengo: palibe yoposa apa. JVM imodzi (injini yoyendetsa Java), RAM yochepa. VPS yaing'ono, ngati za DigitalOcean zoyambira pa madola 4 kapena 6 pa mwezi, imanyamula mawebusaiti angapo a PHP opanda anthu ambiri; pa Java muyambire pa 2 GB kuti musamavutike. Hosting ya cPanel ya makampani a kuno ili ndi ubwino woti ena amalandira ndalama m'njira zathu zomwezi.

Kupezeka kwake: aliyense amene anaphunzirako za mawebusaiti ku koleji amaidziwa cPanel ndi Apache. Tomcat ndi ochepa, koma alipo, makamaka amene anagwirapo ntchito m'mabanki ndi m'makampani a mafoni.

Kusamalira: n'kosavuta mpaka tsiku limene mapulogalamu awiri adzafune zinthu zosiyana. Tomcat 10 inasintha mayina kuchoka ku javax kupita ku jakarta, ndiye pulogalamu yolembedwera Tomcat 9 siyenda pa 10 isanasinthidwe. Mukakhala ndi yakale imodzi ndi yatsopano imodzi, simungazikondweretse zonse ziwiri. Komanso mukafuna kuzimitsa ndi kuyatsanso chifukwa cha pulogalamu imodzi, onse amazima.

Zoopsa: apa ndi pamene pali mita imodzi ija. Tomcat imapatsa pulogalamu iliyonse classloader yake, koma RAM ya JVM ndi imodzi. Wina akaidya yonse, OutOfMemoryError imagwetsa aliyense. Pa Apache ya mod_php mawebusaiti onse amayenda ngati munthu mmodzi, www-data, kotero plugin yowola ya WordPress imatha kuwerenga fayilo ya .env ya shopu, mmene muli pasiwedi ya database. Izi zinandichitikira pa hosting ina imene sinditchula: webusaiti ya mpingo inalowedwa kudzera mu plugin ya zithunzi imene tinaiwala, ndipo mawebusaiti onse a mu akauntiyo anayamba kutumiza anthu ku masamba a juga. Abusa ndiwo anayamba kuona, Lamlungu m'mawa. Ngati muli pa Tomcat, chotsani kapena tsekani /manager, ndipo port 8009 ya AJP isaonekere kunja. Vuto la Ghostcat la mu 2020 linalowera pamenepo.

Njira yachiwiri: mlonda pageti, aliyense chitseko chake

Iyi ndiyo ndimagwiritsa ntchito lero, ndiye ndikhalitsapo. Kutsogolo mumaika reverse proxy, mlonda wa pageti uja, kaya Nginx, Apache ya mod_proxy kapena Caddy. Iyo yokha ndiyo imamvera pa 80 ndi 443. Pulogalamu iliyonse imayenda payokha, pansi pa dzina la user wake wa Linux, n'kumamvera pa 127.0.0.1 ndi port yake: kaundula pa 8080, ka Node.js pa 3000, choncho. Mu Nginx pulogalamu iliyonse imakhala ndi kafayilo kake kokhala ndi server_name ndi proxy_pass. A PHP mumawapatsa aliyense pool yake ya PHP-FPM ndi socket yake. A Java angagawane Tomcat imodzi yoikidwa pa CATALINA_HOME koma aliyense ndi CATALINA_BASE yake, kutanthauza JVM yake, ma log ake, ma port ake. Woyatsa ndi kuzimitsa ndi systemd.

Mtengo: RAM imakwerako, makamaka ngati muli ndi a Java angapo, chifukwa JVM iliyonse imafuna gawo lake. Nginx payokha imadya zochepa kwambiri. Mapulogalamu anga anayi pamodzi ndi MariaDB amakhala bwino pa VPS ya 4 GB.

Kupezeka kwake: zonse zili kale m'nkhokwe za Ubuntu ndi Debian, ndipo zimatsika ndi apt popanda kudya bandulo yambiri. Ubuntu ya LTS, monga 24.04, imalandira zigamba za chitetezo kwa zaka zisanu kwaulere. Anthu odziwa Nginx muno mu Harare ndi ambiri, ndipo kafayilo ka mizere khumi ndi isanu munthu amakamvetsa pa kapu imodzi ya tiyi.

Kusamalira: mumatha kukonza pulogalamu imodzi anzake osadziwa n'komwe. Mukasintha kafayilo, yesani ndi nginx -t, kenako reload. Anthu amene ali pa webusaiti sadulidwa. Koma pali timisampha tina timene aliyense amagweramo kamodzi. Nginx mwachibadwa imakana fayilo yoposa 1 MB, ndiye amayi a chigwirizano akamakweza zithunzi za msonkhano n'kumalandira uthenga wokana wa 413, musalimbane ndi WordPress, kwezani client_max_body_size. Mukaiwala kutumiza X-Forwarded-Proto, pulogalamu ya kumbuyo imaganiza kuti mlendo wabwera pa HTTP, imam'bwezera ku HTTPS, iye n'kubweranso, kuzungulira mpaka browser kutopa. Mukaiwala X-Forwarded-For, ma log onse amaonetsa kuti aliyense akuchokera pa 127.0.0.1; pa Tomcat mufunikanso RemoteIpValve kuti iziwerenga kamzereko.

Satifiketi za Let's Encrypt n'zaulere koma zimatha pa masiku 90, ndipo kuyambira mu 2025 anasiya kutumiza imelo yochenjeza kuti yatsala pang'ono kutha. Certbot, pulogalamu yotenga satifiketizo, imazikonzanso yokha, koma yesani certbot renew --dry-run kuti muone ndi maso anu. Ngati zimenezi zikukutopetsani, Caddy imatenga ndi kukonzanso masatifiketi popanda kuiuza, ndipo fayilo yake ndi yaifupi zedi. Chovuta chake n'chakuti odziwa Caddy kuno ndi ochepa poyerekeza ndi a Nginx.

Zoopsa: mpanda ulipo koma mumaumanga nokha. Mukachita ulesi n'kuyendetsa onse ngati root (user wamphamvu zonse) kapena www-data, mwabwerera ku njira yoyamba mutangowonjezera ntchito. Pulogalamu iliyonse ikhale ndi user wake, database yake ndi pasiwedi yake. Ikani MemoryMax m'fayilo ya systemd kuti wadyera asamalize RAM ya onse, ndi Restart=on-failure kuti akagwa adzuke yekha. Mlonda wa pagetiyo akafa, onse sapezeka, ngakhale kuti pa zaka zanga sindinaonepo Nginx ikugwa yokha. Nthawi zonse wolakwa ndinali ine. Vuto lina lobisika ndi lakuti zimene munachita zimabalalika m'mafoda ambiri, /etc/nginx, /etc/php, /etc/systemd. Lembani kapepala kofotokoza, ndipo mafayilowo muwasunge mu Git.

Njira yachitatu: Docker

Docker inatuluka mu 2013, ndipo achinyamata ambiri lero amayambira pomwepo. Pulogalamu iliyonse imalowa mu container yake, kabokosi kodzipatula, pamodzi ndi PHP, Java kapena Node imene ikuifuna. Fayilo imodzi ya compose imafotokoza zonse, ndipo kutsogolo mumaikabe reverse proxy, kawirikawiri Traefik, Caddy kapena Nginx yemweyo.

Mtengo: RAM sisiyana kwambiri ndi njira yachiwiri, pokhapokha pulogalamu iliyonse itabwera ndi database yakeyake, monga mmene zitsanzo zambiri za pa intaneti zimachitira. Ma database anayi pa VPS yaing'ono ndi katundu wolemera. Disiki ndiyo imatha msanga. Ma image ena, amene ma container amapangidwirako, ndi mazana a MB. Pa VPS yakunja simumva, koma pa laputopu yanu, ndi bandulo ya pa foni, mumamva.

Kupezeka kwake: imayenda pa VPS iliyonse yabwinobwino, koma osati pa cPanel wamba. Odziwa kuyatsa container ndi ambiri. Odziwa chochita zikasokonekera ndi ochepa.

Kusamalira: ubwino wake weniweni uli pawiri. Pulogalamu yakale yofuna PHP 7.4 kapena Tomcat 9 imakhala pambali pa yatsopano popanda mkangano. Ndipo kusamuka n'kosavuta: khadi ikakana uku, kapena mwapeza kotchipa kwina, mumatenga fayilo ya compose ndi ma volume (mosungira deta), n'kuyatsa kwinako tsiku lomwelo. Koma walira mvula walira matope. apt upgrade sikhudza zimene zili mkati mwa ma container. Image iliyonse muyenera kuikokanso kapena kuimanganso nokha. Pamene vuto la chitetezo la Log4Shell linatulukira mu December 2021, amene anali ndi ma image a Java osadziwa zili mkati mwake anavutika kufufuza. Posankha image musamalembe latest, lembani nambala yeniyeni ya mtundu umene mwauyesa. Ndiponso ma log a Docker mwachibadwa amangokula osadulidwa, mpaka disiki kudzaza ndipo database kuima. Ikani max-size tsiku loyamba.

Zoopsa: mpanda ndi wolimba kuposa wa njira yachiwiri, koma kernel ndi imodzi, ndipo aliyense amene ali m'gulu la docker ali ngati root. Msampha waukulu ndi uwu: mukalemba 3306:3306, Docker imatsegula port imeneyo ku dziko lonse ngakhale ufw, pulogalamu yotseka ma port, ikunena kuti yatsekedwa, chifukwa imalemba malamulo ake mu iptables ufw isanafikiridwe. Lembani 127.0.0.1:3306:3306, kapena musaitulutse n'komwe. Wina ndi docker compose down -v. Kachilembo ka v kameneko kamafufuta ma volume, kutanthauza database yonse. Ndinaona mnyamata wina akulira nako.

Za Kubernetes, yoyendetsera ma container ambirimbiri, musandifunse. Pa mapulogalamu anayi kuli ngati kubwereka gonyeti, lole yaikulu ija, kuti akanyamule thumba limodzi la ufa ku Mbare Musika.

Njira yachinayi: aliyense puloti yake

Pulogalamu iliyonse imakhala pa makina akeake: kaya ma VPS osiyana, kaya kompyuta imodzi yamphamvu yogawidwa ndi Proxmox VE kukhala ma VM angapo, makompyuta ongoyerekeza.

Mtengo: wokwera kuposa zonse. Ma VPS anayi ndi mabilu anayi. Proxmox ndi yaulere, koma makina, sola ndi intaneti yokhala ndi IP yokhazikika ndi zanu.

Kupezeka kwake: VPS mumaipeza m'mphindi zochepa. Za muofesi, disiki ikafa Loweruka madzulo, mudikira Lolemba.

Kusamalira: makina anayi, kukonza kanayi. Chotonthoza ndi snapshot: musanasinthe kanthu mumajambula mmene zilili, zikalakwika mumabwerera. Dziwani kuti ma VM onse akakhala kuseri kwa IP imodzi, reverse proxy ija mukuifunabe.

Zoopsa: moto wa uku sufika uko, ndipo ndicho mumalipirira. Choopsa ndi VM yoiwalika, imene palibe waikonza chaka chathunthu chifukwa "ikungoyenda".

Mawu amodzi okhudza njira zonse zinayi: palibe imene ndi backup. Snapshot yokhala pa kampani yomweyo imapita limodzi ndi akaunti ikatsekedwa. Nkhanga zinapangana kusanapse. Tulutsani database usiku uliwonse, itumizeni kwina, ndipo kamodzi pa miyezi ingapo yesani kuibwezeretsa kuti muone ngati ikutseguka.

Ndani atenge iti

Ngati muli ndi mawebusaiti awiri kapena atatu ongosonyeza uthenga, monga nthawi ya mapemphero, zithunzi ndi nambala ya foni, ndipo palibe munthu wa IT, tengani cPanel kwa kampani ya kuno. Koma pemphani akaunti yosiyana pa webusaiti iliyonse, osati ma domain onse mu akaunti imodzi.

Ngati mapulogalamu onse ndi a Java, analembedwa ndi gulu limodzi, amatuluka limodzi ndipo amagwiritsidwa ntchito mkati mwa ofesi mokha, Tomcat imodzi ya ma WAR angapo ikukwanirani. Ikanibe Nginx kutsogolo kuti izisamalira HTTPS.

Ngati muli ngati ine, mapulogalamu atatu mpaka asanu ndi limodzi a mitundu yosiyana, eni ake osiyana, ndalama zochepa, woyang'anira mmodzi, tengani njira yachiwiri. Ndiyo imene mnzanu angailandire mosavuta inu mutachokapo.

Ngati muli ndi pulogalamu yakale imene ikukana PHP kapena Java yatsopano, kapena mumapangira makasitomala mapulogalamu ndipo mumawasamutsa pafupipafupi, Docker ndi yanu, bola pakhale anthu awiri oidziwa, osati mmodzi.

Ngati pali pulogalamu yogwira ndalama, monga yolandira malipiro kudzera pa Paynow kapena EcoCash, kapena yosunga za odwala, kapena ziphaso za anthu, imeneyo yokha ichotseni pagulu muipatse VPS yake, otsalawo agawane ina. Komiti ya bungwe lathu la maliro inavomera kuwonjezera madola ochepa pa mwezi, ndipo kaundula uja ndikumusamutsa mwezi wamawa. WordPress ya mpingo, shopu ndi kazikumbutso kaja zitsala kuseri kwa Nginx yomwe ija.